Fani imayamba yalira isanafe

Mkonzi,

M'mawa uliwonse ndikamachoka kunyumba ku Chiputula kupita kumaganyu anga, ndimadutsa m'dera la mafakitale ku Luwinga. Anzanga amamva magalimoto ndi mabelu a kabaza, koma ine khutu langa limathamangira padenga. Sabata yatha ndidaima pafupi ndi chinyumba china chamalata kaamba ka phokoso lomwe ndimalidziwa bwino, phokoso ngati la munthu amene akupera mchenga pamwala. Idali fani yaikulu yotulutsa fumbi. Ndidapempha mlonda kuti akauze mabwana ake kuti beringi yauma, ikufuna girizi. Iye adandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, n'kuyankha kuti: "Komatu ikuzungulira bwinobwino, achimwene."

Mawu amenewo ndiwo andigwiritsa cholembera lero. Inenso ndidawalankhulapo zaka zapitazo, ndipo amene adalipira mtengo wake si ine, koma munthu wina amene sadalakwe kanthu.

Ndine wokonza makina. Kwathu ndi ku Kasungu, koma ndidabwera ku Mzuzu ndili mnyamata ndipo ndakalambira konkuno. Kwa zaka zambiri ndidagwira ntchito pafakitale ina yocheka ndi kupala matabwa. Mzinda uno ndi matabwa n'zosalekanitsika, chifukwa nkhalango ya paini ya Chikangawa, yomwe idadzalidwa pamalo oposa mahekitala 50,000, ili pafupi pomwepa. Pomwe pali matabwa pali utuchi, ndipo utuchi woopsa si uja umaunjikana pansi n'kumakawazidwa m'khola la nkhuku ayi. Woopsa ndi uja wosalala ngati ufa woyera, umene umayandama m'mwamba n'kumaoneka pokhapokha dzuwa likalowa pazenera. Umenewo ndiwo umalowa m'mphuno ndi m'mapapo.

Amene sadalowepo m'fakitale aganizire chigayo cha kwawo. Ufa ukagayidwa suchita kuyenda wokha kukwera mupaipi kukafika m'chifanelo chija cholendewera. Pambali pa chigayo pali fani yomwe imaukoka ndi kuukankha. Fani ya m'fakitale imagwira ntchito yofanana, kungoti ndi yaikulu, ndipo chomwe imakoka ndi fumbi, utsi kapena mpweya wotentha, n'kukautaya kutali ndi anthu. Mudzaipeza kocheka matabwa, kokonza khofi, kogaya chakudya cha ziweto, kowotcherera zitsulo, kophika buledi. Kawirikawiri amaiika padenga kapena kuseri kwa khoma, kumene bwana safikako. Sipanga katundu aliyense wogulitsa, n'chifukwa chake pamakina onse ndiyo imakumbukiridwa pomalizira.

Amene adandiphunzitsa ntchito adali mkulu wina wa ku Rumphi, wa imvi mutu wonse, amene tonse tinkangowaitana kuti adada. Tsiku langa loyamba adandikweza pamakwerero mpaka pathandala lomwe padali faniyo, n'kundipatsa sikuludiraiva yaitali. Ndimayesa tikukamasula china chake. Iwo adati ndiike nsonga yake pachitsulo chomwe mumakhala beringi, ndipo chigwiriro ndichikhomeke kukhutu.

"Ukumva chiyani, mwana wanga?"

Ndidati ndikumva ngati mphepo ikuwomba m'mitengo ya paini.

"Eya, pamenepo ndiye kuti ili moyo. Tsiku limene udzamve ngati mchenga, yamva ludzu. Ukadzamva kugogoda, wachedwa kale."

Adandiphunzitsa kuti zipangizo zoyamba za wokonza makina ndi khutu, dzanja, mphuno ndi maso. Sipanala imabwera pambuyo. Dzanja ukaliika pamwamba pa beringi liyenera kupirira. Likachoka lokha usanawerenge mpaka zisanu, ndiye kuti kutentha kwafika cha m'madigiri 60 kapena kuposa, uyambe kufunsa chifukwa. Mphuno imamva lamba amene akutereka papule, chifukwa amanunkha ngati tayala lowotcha. Maso amaona fumbi lakuda pansi pa lamba, bawuti yomwe yayamba kusuntha, kapena girizi amene wasanduka wakuda n'kumatuluka m'mbali.

Adandiwerengetsanso masamu omwe sindidzaiwala. Mota yathu inkazungulira pafupifupi ka 1,450 pamphindi imodzi, monga zimachitira mota zambiri pamagetsi athu kuno ku Malawi. Pamaola 8 a ntchito ndiye kuti yazungulira pafupifupi ka 700,000. Kulemera konse kwa shafiti ndi mapiko a fani kumatsamira patimipira tachitsulo ta m'beringi, ndipo chomwe chimaletsa chitsulo kudya chitsulo chinzake ndi kamafuta kopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Girizi ali ngati chinkhupule chonyowa: amasunga mafutawo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Akauma, kapena fumbi ndi madzi zikalowamo, timipira tija timayamba kukandika.

Cholakwa changa choyamba chidali cha changu. Nditapatsidwa pampu ya girizi ndidapopa mpaka girizi adatulukira mbali zonse, ndikuganiza kuti kuchulutsa ndiko kusamala. Patangotha ola limodzi beringi idatentha moti sukadaikapo dzanja. Adada sadakalipe. Adangondifunsa ngati ndingathe kuthamanga m'matope ofika m'chiuno. Beringi yodzaza thothotho imavutika chimodzimodzi: timipira timakhalira kukanda girizi, kutentha kumakwera, ndipo kamphira kotchinga fumbi kamaphulika. Malo okhala girizi ayenera kudzaza gawo limodzi mwa magawo atatu, osapitirira theka. Beringi ya mamilimita 100 m'mimba mwake imangofuna magalamu 10 mpaka 15 nthawi imodzi, ngati sipuni imodzi basi. Opanga maberingi amanenanso kuti kutentha kukapitirira madigiri 70, madigiri 15 alionse owonjezera amadula moyo wa girizi ndi theka. Choncho wochulutsa ndi womana onse amapha makina, amangosiyana njira.

Padalinso malamulo ena ang'onoang'ono. Pukuta kamlomo kothirira girizi usanalumikize pampu, apo ayi ukankhira mchenga m'kati ndi dzanja lako lomwe. Usasakanize girizi wamitundu iwiri chifukwa choti onse ndi girizi. Ena akakumana amasungunuka ngati phala la mwana n'kutayikira pansi, ena amauma gwa. Chitini cha girizi chizikhala chovindikira. Lamba asakhale wolendewera, koma asakhalenso wokungika ngati ng'oma, chifukwa lamba wothina amakoka shafiti n'kudya beringi. Ukamukankha ndi chala pakati ayenera kulowa pang'ono, cha m'masentimita awiri osakwana pa mita imodzi. Mapiko azipalidwa, chifukwa utuchi ukamatirira mbali imodzi fani imayamba kuvina, ndipo kuvina kumeneko kumamasula mabawuti. Lamulo lalikulu pa onse: usanalowetse dzanja m'kati, zimitsa magetsi, khoma loko paswichi, kiyi ikhale m'thumba mwako. Pano magetsi akathima ena amati mpata wapezeka, n'kulowetsa mkono m'makina osazimitsa swichi. Magetsi sagogoda akamabwera.

Zonsezi zidali ndi buku lake. Lidali kope wamba la kusukulu, lomangidwa ndi chingwe pakhoma. Masabata awiri alionse umakwera, kumvera, kukhudza, kuthira girizi, n'kulemba tsiku ndi kusaina. Adada atapuma pantchito adandipatsa kopelo m'manja ngati akundipatsa mwana.

Tsopano ndifike pomwe pamandiwawa.

Amene amakhala ku Mzuzu akudziwa mmene kumakhalira kuyambira May mpaka July. Kwina konse mvula idatha kalekale, koma kuno mawawa sakata, nkhungu imakuta mzinda, ndipo chitsulo m'mawa chimaluma zala. Makwerero athu adali achitsulo, oterera, ndipo thandala lija lidalibe chogwirira. Tsiku lina m'mwezi wa May ndidaima pansi pa makwererowo, pampu ili m'manja, mvula ikundilowa m'khosi. Ndidatchera khutu ndili pansi pomwepo. Fani inkazungulira. Ndidati mumtima mwanga: ndikwera mawa kukacha bwino. Kenaka ndidatenga cholembera n'kusaina m'kope muja, kuti kapitawo asandifunse.

Mawa lake kudali ntchito ina. Patatha masabata awiri kusaina kudaphweka kuposa poyamba. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndidazengereza mpaka August. Miyezi itatu yathunthu kope linkanena kuti fani ikudya bwino, pomwe palibe amene adaikhudza.

Chikhala kuti ndidakwera ngakhale kamodzi, ndikadaona kuti kamphira kotchinga beringi ya mbali ya mapiko kadang'ambika ndipo madzi amvula ankalowa. Ndikadaona utuchi wonyowa utamatirira kumapiko ngati nsima ya dzulo. Chakumapeto kwa July mnzanga wina adandiuza kuti denga likunjenjemera mosiyana ndi kale. Ndidamuyankha ndi mawu omwe aja a mlonda: komatu ikuzungulira.

Idaima Lachitatu lina masana. Kudamveka kukuwa kwa chitsulo, kenaka fungo la mphira wopsa, kenaka zii padenga. Nditakwera ndidapeza beringi itasweka, timipira titasanduka tabuluu ndi moto, malamba atapserera, ndipo shafiti itadyeka moti beringi yatsopano sikadagwira. Beringi yokha tikadaipeza m'tauni momwemo tsiku lomwelo. Koma shafiti ndi chosungiramo beringi chamtundu umenewo zidayenera kufunidwa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 350, ndipo kumeneko adati ayitanitsa ku Johannesburg. Tidadikira masabata asanu ndi limodzi.

Fakitale sidatseke. Maoda adalipo, ndipo akuluakulu adati titsekule zitseko ndi mazenera, ntchito ipitirire. Pofika tsiku lachitatu m'kati mudali ngati nkhungu ya ku Chikangawa yalowa m'nyumba. Anthu ankamanga mipango ndi malaya akale kumphuno. Poweruka aliyense amatuluka ali mbuu, nsidze zoyera ngati nkhalamba, ndipo ukamina chimatuluka ndi phala la utuchi. Tinkaseka, kumanenana kuti takalamba tsiku limodzi.

Mmodzi yekha sankaseka. Adali bambo wa ana anayi, woyendetsa makina opalira matabwa, amene adali ndi mphumu chibadwire. Zaka zonse adagwira ntchito popanda vuto lalikulu chifukwa paipi yokoka utuchi idali pamwamba penipeni pa makina ake. Sabata yachitatu ndidamupeza atakhala kuseri kwa mulu wa matabwa, atagwira mawondo, chifuwa chikulira ngati wezulo. Ndidati apite kunyumba. Adati: "Achimwene, ndikapita kunyumba ana adya chiyani?" Sabata yachinayi adagwa pantchito ndipo tidathamangira naye kuchipatala chachikulu cha Mzuzu. Adachira, koma adokotala adamuuza kuti asabwererenso kufumbi. Ntchito yomwe ankaidziwa idali yomweyo basi.

Palibe amene adandiloza chala. Kope lidali losainidwa bwinobwino, ndipo onse adagwirizana kuti maberingi a masiku ano ndi achabechabe. Ine ndidangokhala chete, kuvomereza ndi mutu.

Chomwe chidandisowetsa tulo ndi chakuti chifuwa cholira chotero ndidali nditachimvapo kale. Malume anga adapita ku Joni pa nthawi ya Wenela, n'kukagwira ntchito m'migodi ya golide. Adabwera ndi wailesi, njinga ndi jekete labwino, komanso chifuwa chomwe sichidawasiye mpaka kumanda. Kumudzi tinkati adawalodza anzawo ansanje. Ndidadzamva nditakula kuti fumbi la miyala limaumitsa mapapo, matenda omwe achipatala amati silicosis, ndipo kuti pansi pa mgodi moyo wa munthu umadalira mafani ndi madzi opha fumbi. M'chaka cha 2018 makampani a migodi ya golide ku South Africa adavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni zopepesera anthu amene adadwala silicosis ndi TB m'migodi yawo, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo lidapatsidwa ntchito yogawa ndalamazo, kuphatikizapo kwa ochokera m'maiko oyandikana nawo monga Malawi. Koma ndalama sizibweza mapapo. Ine amene ndinkatukwana azungu a m'migodi chifukwa cha malume anga, ndidachita zomwezo kwa mnzanga ndi cholembera cha m'thumba mwanga.

Utuchi si fumbi la mwala, koma nawonso si wosewera nawo. Umayambitsa ndi kukulitsa mphumu, ndipo akatswiri a za khansa pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO adauika m'gulu la zinthu zomwe zimayambitsa khansa ya m'mphuno. Ukachuluka m'mwamba umagwiranso moto msanga. Beringi yotentha pafupi ndi utuchi wouma ndi machesi pafupi ndi udzu wa m'chilimwe. Tidachita mwayi kuti tsiku lija fakitale sidapse.

Patapita miyezi ndidakwera basi kukawaona adada kumudzi kwawo. Tidakhala pakhonde, ndipo ndidawauza zonse, osabisa kanthu. Adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adati: "Mwana wanga, kope ungalinamize, kapitawo ungamunamize. Chitsulo sichidziwa kuwerenga siginecha." Adandifunsanso funso lomwe sindidaliyembekezere: ngati ndidauzapo akuluakulu kuti makwerero aja ndi oterera ndipo thandala lilibe chogwirira. Ndidati ayi, ndinkaopa kuoneka waulesi kapena wamantha. Adapukusa mutu n'kunena kuti iwonso adakwera makwerero omwewo zaka zonse osadandaula, ndipo pamenepo adandisiyira msampha.

Sindikunena izi kuti ndidzichotsere mlandu. Amene adasaina bodza ndine. Koma ndaphunzira kuti ntchito ikakhala yoopsa kuifikira, tsiku lina wina adzaidumpha, ndipo kukhala chete pa zimenezi si kulimba mtima. Nditabwerera ndidakauza kapitawo zoona zake. Adandidula malipiro, ndipo zidandiyenera. Mwezi womwewo tidawotcherera chogwirira pathandala, n'kulumikiza timapaipi kuti girizi azithiridwa munthu ataima pabwino. Zidatenga masiku awiri ndi zitsulo zotsala. Mnzanga uja ndidakamupepesanso kunyumba kwake. Adandilandira, adandipatsa mpando, adati zidachitika basi. Koma ndikakumana naye pamsika akugulitsa tizinthu pamphasa, moni wake amandilemera.

Chifukwa chake ndikufuna kulankhula ndi magulu atatu.

Kwa eni mafakitale, zigayo ndi mashopu a ukalipentala: fani si chokongoletsa nyumba. Dziko lino lili ndi lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la m'chaka cha 1997, lomwe limafuna kuti pamalo a ntchito pazipita mpweya wabwino ndipo fumbi loopsa lizichotsedwa. Koma ngakhale osaopa lamulo, werengani ndalama zanu zomwe. Chitini cha girizi ndi ola limodzi la wokonza makina n'zotchipa kuposa shafiti yochokera kunja, makamaka pano pomwe ndalama zakunja zikusowa ndipo kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Sungani beringi imodzi ndi malamba apadera m'sitolo. Wokonza makina akapempha kuti muzimitse kwa ola limodzi, musamuone ngati mdani wa phindu. Ndipo fani ikafa, makina otulutsa fumbi aime nawo. Musagule matabwa ndi mapapo a anthu.

Kwa amisiri anzanga, makamaka achinyamata amene mukutuluka ku Mzuzu Technical College ndi m'masukulu ena a ntchito zamanja pansi pa TEVETA: ntchito yothira girizi siitamika. Palibe amene adzakuombereni m'manja chifukwa makina sadawonongeke. Amene amatchuka ndi uja amabwera ndi sipanala zinthu zitaphulika kale. Koma mmisiri weniweni ndi amene makina ake salira. Ngati simudakwere, musasaine. Lembani kuti "sindidakwere, kudali mvula," kuti wina adziwe kuti ngongole ilipo. Mzere wopanda siginecha ndi wabwino kuposa siginecha yabodza.

Kwa ogwira ntchito pansi pa mafani amenewa: inu ndinu mumakhala nawo tsiku lonse, ndipo ndinu oyamba kumva phokoso likasintha kapena kuona fumbi likayamba kuchuluka pazovala. Nenani. Mukayankhidwa kuti ikuzungulira, nenaninso. Mnzanga uja adanena kamodzi kuti denga likunjenjemera, ndipo adalakwa kundikhulupirira.

Vuto limeneli si la m'mafakitale mokha. Tili ndi chizolowezi chodikira kuti chinthu chife ndiye tichilire. Timachiona pamijigo ya m'midzi, pamajenereta, pamaambulansi ogona pamiyala. Timadziwa kudula riboni potsekulira, koma ndalama ya girizi siipezeka. Pomwe pafupifupi chinthu chilichonse chozungulira chimachenjeza chisanafe: chimatentha, chimanjenjemera, chimalira. Chimangosowa womvera.

Dzulo ndidadutsanso panyumba yamalata ija ku Luwinga. Phokoso lija lidakalipo, ndipo tsopano pansi pa mchenga uja mwayamba kumveka kugogoda. Ulendo uno sindidalankhule ndi mlonda. Ndidapempha kuonana ndi kapitawo, ndidadikira pageti pafupifupi ola lathunthu, ndipo atabwera ndidamupatsa sikuludiraiva yanga yaitali kuti akamve yekha. Kaya akwera kaya sakwera, sindikudziwa. Koma m'nyumba imeneyo ndidawerenga anthu asanu ndi anayi, ndipo onse amapuma.

Wokonza makina,
Chiputula, Mzuzu